Mzere Umene Chiswe Chinadya

Kope lija ndinalipeza pansi pa bokosi lachitsulo
tsiku logawana katundu wa azakhali a Lizineti ku Kawale.
Ena ankalimbirana makina osokera,
ena zitenje zosavala.
Ine ndinatola chimene aliyense anachilambalala:
masamba achikasu, onunkha mankhwala a njenjete,
pachikuto pakuti Likuni, 1958,
ndi dzina lawo lakuutsikana,
zilembo zopendekeka ngati chimanga chitagwa mphepo.

Mkatimo mulibe pemphero, mulibe ngongole.
Muli zipewa zaukonde zokhazokha.
Maso a Nkhwali.
Chisa cha Njuchi.
China chotchedwa Mkazi wa Dokotala,
pambali pake analembapo ndi pensulo:
chimadya ulusi ichi, usachiyese.

Yamba ndi maso khumi ndi awiri.
Manga mfundo, lumpha diso limodzi, bwerera.
Usakoke ngati ukumanga mbuzi.
Amenewo si mawu a asisitere ayi,
ndi azakhali enieni, ndikuwamva
akutsokomola pakati pa mizere.

Ndikanalisunga basi, kopelo,
pakanapanda mutu wa Elube.
Mankhwala a ku Sentulo anamumeta popanda lumo,
tsitsi linatsala pa pilo, m'beseni, m'manja mwanga.
Duku akuti ukuyabwa.
Wigi ya ku Tsoka anaivala tsiku limodzi la Okutobala
nkuiponya pansi pa bedi ngati khoswe wakufa.

Choncho a Gwaza a ku Mchesi
anandinolera sipoko ya njinga, nkuipinda kamlomo.
Ndinamasula juzi ya pakaunjika, yobiriwira,
ulusi wake wopotanapotana,
wosaiwala thupi limene unafunditsa kutsidya.
Ndinaluka mu minibasi pa mdipiti wa Lilongwe,
kondakitala akundigunda chigongono.
Ndinaluka magetsi atazima,
foni kukamwa, kuwalitsa tsamba,
ndikuwerenga ndi mphuno:
chisanu ndi chimodzi, chisanu ndi chiwiri...

Pa mzere wachisanu ndi chinayi
chiswe chinali chitandiyambira kale.
Apa samala, analemba azakhali, chifukwa
kenako bowo.
Bowo loti chala changa nkudutsa.
Mzere wakhumi ukungopitiriza
ngati palibe chachitika.

Ndinapita nalo ku Lizulu
kwa amayi oluka masokosi a makanda.
Mmodzi anati onjeza atatu.
Wina anati chotsa asanu, ndiwo malo opindira mutu.
Wachitatu analitembenuza kawiri, nkuti
zakale izi mayi, gulani chopangidwa kale,
tili nazo za faifi handiredi.

Usiku womwewo ndinakhala pakhonde
nkufunsa bowo lija. Silinayankhe.
Mwina azakhali analuka zipewa zana
osayang'ananso tsambali,
mzerewo unali m'zala zawo,
ndipo zalazo tinazisiya ku Eriya 18
zitapingasa pachifuwa.

Ndinaonjeza anayi. Ndinamasula.
Ndinachotsa awiri. Ndinamasula.
Tambala wa aneba atayamba phokoso lake
ndinangolumpha, nkumanga mfundo yanga,
yaikulu, yonyansa, yosagwirizana ndi anzake.

Elube anachivala Lachinayi, m'wodi.
Chinatukuka kumanzere ngati chulu.
Anaseka mpaka diripi inagwedezeka:
iwe, wandilukira chitete cha nkhuku!
Kenako anakhala chete.
Kamphepo ka pazenera kanalowa m'maso onse a ukonde,
anatsinzina,
nkupisa chala pa mfundo yanga ija, nkukanda.
Apa pokha ndi pamene pakundikhala bwino, anatero.

Lero ndatenga pensulo.
M'mphepete mwa bowo, pamene pepala likadali lolimba,
ndalemba timawu tating'ono:
lumpha atatu, manga imodzi, usaope.
Pansi pake ndaonjezera chaka,
ndi chilungamo chimene mwina
azakhali nawonso akanalemba pena pake:
apa ndinangoganiza.